Khutu Lamanzere la Waya

Nsambo yachiwiri ya gitala ya Waya inali yophotchoka, ndipo aliyense m'galajamo anamva kupatula mwiniwakeyo.

Komatu Waya ankatchuka ndi khutu. Ena amachuna gitala ndi kamakina, iye ankangokhudza nsambo, kupendeketsa mutu, basi yakhala. Gulu lawo linali la anthu atatu: iyeyo pa gitala, mlongo wake wamkulu pa besi, ndi mnzake Nyundo pa ng'oma. Onse anali achinyamata, koma ankaimba bluzi ndi roko zachikale, zija gitala imalira mosasa mawu ngati munthu wolusa. Kuti ilire choncho, Waya ankapotokola ampu yake yakale, makina okweza mawu a gitala, mpaka kumapeto, n'kugwada pafupi ndi sipika, khutu lamanzere pansalu pake penipeni, kuti amve ngati kulirako kwapsa. Chitseko chachitsulo ankachitseka kuopa madandaulo a anthu oyandikana nawo. Ankatero maola atatu tsiku lililonse akaweruka kuntchito.

“Iwe, tachuna bwino nsamboyo,” anatero mlongo wake ataimitsa nyimbo. “Loweruka tikujambula, ndipo mwini situdiyo watipatsa tsiku limodzi lokha.”

“Ili bwinobwino, achemwali. Besi yanuyo ndiye yasokonekera.”

Mlongo wakeyo sanatsutse. Anangotenga kamakina kake n'kukapana pa gitala ya Waya. Kamuvi ka pakamakinako kanapendekera kumbali, kusonyeza kuti nsamboyo inalidi yophotchoka.

Atatuluka panja, Waya anakokera Nyundo pambali. Anamuuza kuti patha milungu itatu khutu lamanzere likulira ngati mwalowa nyenje, osasiya ngakhale pang'ono.

“Aaa, aise, zimenezo n'za tonse,” anaseka Nyundo. “Ndiye kuti nyimbo zalowa m'magazi. Ingothiramo timafuta tofunda, utsekepo ndi thonje, pofika Loweruka zatheka. Kuchipatala usayerekeze, akakuuza kuti usiye gitala.”

Mawu omalizawo ndi amene anamugwira Waya pamtima. Kusiya gitala? Bola nyenjeyo. Anathira mafuta masiku awiri, pilo yense nonii, koma kulira kunali pomwepo. Ndipo madzulo ankabwerera kukagwada pa sipika paja, ampu ili kumapeto.

Lachitatu akuwoloka msewu ndi mlongo wake, wanjinga anatulukira chakumanzere akuliza belu. Anthu onse anapatuka. Waya anangoponda msewu ngati ndi wake. Mlongo wake anamukoka malaya mpaka batani kuthothoka, njinga n'kudutsa ikupepesula thalauza.

“Beluyo sunamve?”

“Belu uti?”

Mlongo wakeyo anamuyang'ana. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake ankatuluka ngati ukali. “Tiye kuchipatala pompano. Ukakana, Loweruka ukaimbe besi wekha.”

Namwino wa makutu anali mayi wosachedwa ndi nkhani. Anaunika m'khutu ndi katochi, n'kupukusa mutu. “Mafutawa anakuuzani ndani, achimwene? Khutu si unyolo wa njinga.” Kenako anamukhazika m'kachipinda kagalasi, kumuveka mahedifoni, n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva kamawu kalikonse.

Kumanja zinayenda bwino, dzanja linkakwera. Atafika kumanzere, linakwera kawiri, katatu pa mawu aakulu. Kenako Waya anangokhala, dzanja pabondo, akudikira kuti namwino ayambenso. Kudzera pagalasi ankaona chala cha namwino chikudina batani, kudina, kudinanso. Ankaonanso mlongo wake atagwira pakamwa. Apa m'pamene anazindikira kuti makinawo akulira, iye ndiye sakumva.

“Mkati mwa khutu muli timitsempha tosalimba tomwe timagwira mawu,” anafotokoza namwino atamutulutsa. “Phokoso lalikulu la tsiku ndi tsiku limatipha pang'onopang'ono, ndipo toyamba kufa ndi tija timamva mawu ang'ono, ngati belu kapena nsambo zoonda za gitala. Kulira kwa m'khutu mukatha kuimba ndi chenjezo. Inu munachenjezedwa kangati?”

Waya anayang'ana pansi. “Miyezi ingapo. Poyamba kunkatha m'mawa.” “Ndiye mundipatsa mankhwala anji, amayi? Loweruka tikujambula.”

“Sindikunamizani. Zimene zafa kumanzereko sizibwerera, palibe mankhwala ake. Koma lamanja likadali labwino, ndipo limenelo ndi limene tikufuna kuteteza.”

“Ndiye gitala ndisiye?”

“Ndani wanena? Imbani mpaka imvi. Koma tsitsani ampu, talikirani sipika, muzipuma pakatha ola, ndipo muzivala zotsekera m'makutu za oimba. Thonje silitchinga kanthu. Mnzanu wa ng'omayo abwerenso kuno mawa.”

Nyundo anapita, akung'ung'udza njira yonse. Anatulukako ali phee, zotsekera zake zili m'thumba.

Loweruka Waya anachuna gitala ndi kamakina ka mlongo wake, pamaso pa onse, manyazi atawameza. Ampu anaiika m'chipinda china, iye n'kuimbira patali. Inalira mosasa mawu monga kale, kusonyeza kuti kugwada konse kuja kunali kwachabe.

Atamaliza, mwini situdiyo anamupatsa mahedifoni. “Tamvani pamene mwaimba nokhapa, achimwene. Ndapaika kumanzere kuti pamveke bwino. Apa ndiye mwaphatu!”

Waya anavala. Ng'oma zinkamveka, besi inkamveka. Anaona Nyundo akugwedeza mutu, mlongo wake akumwetulira misozi ili m'maso, koma gitala yakeyo inkamveka patali ngati ikulira m'nyumba ya eni. Anavula mahedifoniwo mwakachetechete, n'kuwatembenuza, lamanzere kupita kumanja.

“Tabwezerani poyambira,” anatero. “Ndimveko nanenso.”

Phunziro: Khutu likayamba kulira pambuyo pa phokoso, likukuchenjezani. Musathiremo mafuta kapena kudikira kuti lisiya lokha. Tsitsani mawu, tetezani makutu, ndipo pitani kuchipatala msanga, chifukwa kumva kukatayika ndi phokoso sikubwereranso.