Makasu a ku Rasha ndi ku Amereka

Bambo anga, a Torialai, asula makasu m'mudzi mwathu kufupi ndi mzinda wa Ghazni kwa zaka makumi anayi, koma chitsulo sanagulepo. Poyamba ankadula kasinja amene asilikali a ku Rasha anasiya m'chigwa. Atatha ameneyo, a ku Amereka anatisiyira magalimoto opserera.

Tsiku lina pachipala panafika Zmarai, mwana wa m'mudzi momwemo amene analowa gulu lomwe limati likumenyera Mulungu. Anaponya mfuti yake pansi.

"Madala, ndikonzereni iyi. Msanga!"

Bambo anamuthirira tiyi kaye, poti kwathu ngakhale mdani sabwerera kukhosi kouma. Kenaka anagogoda makasu awiri ndi nyundo.

"Wamva kulira kwake? Uyu ndi Rasha. Uyu ndi Amereka. Onse anabwera akukalipa ngati iweyo, lero akupalira anyezi wanga."

"Mukundinyoza?"

"Imwa tiyi, mwana wanga. Mfuti sindikonza ine." Anaitola n'kuiyesa kulemera m'manja. "Koma chitsulo chake n'chabwino. Ukadzatopa nayo, udzabwere nayo kuno. Tirigu wakhwima, ndipo amayi ako alibe chikwakwa."