Golide mu Mchira wa Mbewa

Ndinatsika sitima ku Osong m'ma naini, kabotolo kali m'thumba. Ku Daegu ndinagwirako ntchito chaka. Ku Busan miyezi isanu. Pano ndimanyamula golide kuchokera ku Daejeon. Si wa mphete ayi. Ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi ofiira psuu. Ukabaya mbewa, timakaunjikana m'chotupa, chotupacho n'kuwala pa chithunzi cha makina ounikira m'thupi.

Mayi Bang, osamalira mbewa zoyeserera mankhwala, anandichingamira pakhomo la labotale.

"Iwe Tae-sik, wakhutchumula kabotoloko njira yonse eti?"

"Ndakagwira ngati dzira, Mayi."

"Fulumira. A Pulofesa Yeo anena kale. Zotupa zikapanda kuoneka pofika folo koloko, mbewa zisanu ndi imodzi zing'ambidwe lero, ayeze ndi maso."

Mbewazo anazilera okha Mayi Bang.

Ndinathira theka la golide m'kabotolo kena kuti ndisungunule. Changu. Dzanja linatola madzi amchere, monga tinkachitira ndi mankhwala ena ku Busan. Kufiira kuja kunazimirira. Madzi anada, n'kusanduka abuluu.

Mayi Bang anayang'ana kabotolo, kenako ine.

"Mchere. Tizidutswa tagwirana tonse. Izi sitingabaye."

"Ndalakwa, Mayi."

"Munthu wosintha ntchito ngati masokosi azifunsa. Tenga madzi a shuga."

Theka lotsalalo linangokwanira mbewa ziwiri. Mayi Bang anabaya okha, mu mtsempha wa mchira, woonda ngati ulusi. Tinadikira. Tinadya mpunga wokulunga m'ndere tili chiimire.

A Pulofesa analowa itangokwana fili. Anavala magalasi. Pa chithunzi choyamba panaoneka nthiti, msana, ndi kadontho koyera mbee pantchafu, malire ake oonekera bwino. Chachiwiri chimodzimodzi.

"Zabwino. Ziwirizi zisiyeni. Nanga zinayi zija?"

Ndinayankha ndine. Ndinanena za mchere, osachotsera.

A Pulofesa anagogoda tebulo ndi chala.

"Golide wina angafike liti?"

"Mawa m'mawa, bwana, ndikanyamuka pompano."

"Ndiye ukudikira chiyani? Zinayizo zisang'ambidwe lero, zidikire mawa."

Anatuluka. Mayi Bang anabweza timipeni tong'ambira mbewa m'kabati, n'kuyamba kuthira chakudya m'zikhola.

"Tae-sik," anatero osacheuka, "mawa ukangopereka kabotoloko, manja m'thumba."