Kuseri kwa Tawulo la Buluu

Mayi wina analowa m'chipinda cha magemu dzuwa lili paliwombo, ana onse ali kusukulu. Sanaodire, sanafunse chilichonse. Anakhala pabenchi yakutsogolo, n'kuika kachikwama pamiyendo, n'kuloza sikirini yaikulu.

"Ndiphunzitseni gemu ya Mzinda ija."

Mnyamata woyang'anira chipinda cha magemucho, amene ana ankamutcha Ankolo Waya, anamuyang'ana kaye. Anali mayi wachitsikana, wa maso osaphethira, zala zake zodzaza ndi timabala ta singano.

"Imeneyo ndi yovuta, achemwali. Bwanji ya mpira?"

"Ndati ya Mzinda."

Gemu ya Mzinda ndiyo inkadyetsa chipindacho. Munthu ankapatsidwa mzinda wathunthu m'manja: upite kulikonse, ube galimoto, uthawe apolisi, uwombere amene wakuyang'ana moipa. Pachikuto pake panali 18 wofiira, koma ana ankaisewerabe, chifukwa Waya anali ndi nzeru yake imene ankainyadira. Pakafika poipa ankatsitsa mawu, n'kuphimba sikirini ndi tawulo la buluu, iye n'kumasuzumira kuseri ndi kuuza mwana batani loti adine. Poipa pakadutsa, tawulo linkabwerera pamsomali.

Mlendoyo sankadziwa ngakhale kagwiridwe ka kontirola. Anaomba mitengo, analowetsa basi mumtsinje, apolisi anamugwira asanatuluke n'komwe pamalo oimika magalimoto. Sanaseke. M'mawa mwake anabweranso nthawi yomweyo, mkuja mwakenso chimodzimodzi. Dzina sananene.

Waya anayamba kusita malaya. Mwina ndi wapolisi wobisala, ankaganiza akusesa. Mwina wathawa mwamuna wankhanza. Kapena anandiona pawindo tsiku lina, gemuyi ndi chophimbira chabe.

Madzulo ana anaona kuti mu Mzindamo muli wosewera watsopano.

"Ankolo, akuphwanya magalimoto chonchiyu ndani?" anafunsa Mphenzi, kamnyamata ka zaka khumi kamene kankaposa onse. "Ameneyu ndi nkhalamba, ndalumbira."

"Ndi mlendo wina wake."

"Eee, alamu athu! N'chifukwa chake mukununkhira sopo!"

"Choka iwe, ndikutseka pakamwa ndi waya."

"Bola Loweruka musaiwale. Munalonjeza gawo lomaliza."

Analonjezadi. Ana onse a mumsewumo ankadikira kudzaonera. Ndipo amalume ake a Waya, eni chipindacho, anali atanena poyera kuti ana akadzangosamukira kwa wa magemu wa patsidya pa msewu, Wayayo adzatule makiyi.

Lachisanu mlendoyo anafika pa gawo la m'nyumba yosungiramo katundu. Waya anathamangira pamsomali.

"Lisiyeni tawulolo. Kwezaninso mawu."

Pasikirini panali bambo womangidwa pampando, thumba lili kumutu. Gemu siinkapitirira mpaka wosewera atamumenya kuti aulule. Mayiyo anadina kamodzi. Bamboyo anakuwa. Mayiyo anaika kontirola pabenchi pang'onopang'ono, ngati mbale yotentha.

"Apa ndiye pamene mumaphimba?"

"Eya. Ana saona kanthu, samva kanthu."

"Phimbani tsono. Tsitsani mawu. Koma lero mugwire ndinu."

Waya anakhala pabenchi, malo amene sanakhalepo tawulo lili pasikirini. Mayiyo anaima pamene iye ankaima, n'kusuzumira kuseri.

"Dinani."

Anadina. Kontirola inanjenjemera m'manja mwake.

"Dinaninso. Musasiye."

Inanjenjemeranso, mwamphamvu, ngati mwanapiye wofinyidwa. Kutsogolo kunali buluu yekhayekha, chipinda chili zii, koma nkhonya iliyonse inkafika m'zikhatho n'kukwera mpaka m'zigongono. Ndipo poti maso analibe choona, mutu unayamba kujambula wokha, zoposa zimene zinali pasikirinipo.

"Mwana wanga anandifunsa tikudya," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Akuti, amayi, munthu akamamenyedwa osalira, ndiye kuti wafa kale? Ndinati waziona kuti? Akuti sanaone, Ankolo amaphimba. Ndikanangomuletsa akanati sindidziwa kanthu. Ndiye ndinati ndifike ndekha pamene anafika iyeyo."

Waya anayang'ana manja ake. Malaya ositawo anali atanyowa kumsana. Anafuna kufunsa kuti mwanayo ndi uti, koma panja panamveka mapazi ndi phokoso la zikwama. Mayiyo anakakhala pakona, kuseri kwa chitseko.

Ana anakhamukira mkati, Mphenzi ali patsogolo.

"Ankolo, mawa ndi mawa!"

Waya anatulutsa chimbale cha Mzinda m'makina, n'kuchibwezera m'chikuto, n'kukwera pampando kukachiika pashelefu yapamwamba penipeni.

"Mawa kuli mpira ndi mpikisano wa magalimoto. Mzinda ndi wa a ndevu."

"Aaa, Ankolo! Munalonjeza!"

"Ndinalonjeza molakwa."

"Si muphimba ndi tawulo?"

Waya anakoka tawulo lija, n'kupukutira fumbi la pawindo, n'kuliponya m'ndowa.

"Tipita patsidya ife!" anakuwa wina. "Kumeneko saphimba n'komwe!"

"Pitani. Inenso ndikubwera konko, ndikalankhule naye mwini wakeyo. Akakana, ndiyenda khomo ndi khomo kwa makolo anu. Makiyi amalume akafuna atenge."

Ena anatulukadi akung'ung'udza. Ena anakhala pansi, n'kuyamba kulimbirana kontirola ya mpira. Mphenzi anatembenuka mwaukali kuti atuluke, anakankha chitseko, n'kuona mayiyo pakona, n'kuuma pomwepo ngati chipilala. Chikwama chake chinagwa.

Mayiyo anaimirira, anatola chikwamacho, n'kuchisansa fumbi.

"Patsidyapo tipitira limodzi, Ankolo," anatero. "Ine ndiye gemuyi ndikuidziwa tsopano."

"Koma achemwali," anatero Waya, "mpaka lero simunandiuze kuti ndinu ndani."

Mayiyo anamwetulira koyamba chilowereni m'chipindamo, dzanja lili pamutu pa mnyamatayo.

"Ndine nkhalamba yophwanya magalimoto ija. Koma kuno mudzinditcha make Mphenzi."