Akaunti ya Pulinta

Lachitatu pa 12 Malichi, 9 koloko itangokwana, Nawaya anapeza pomwe mlamu wake ankalowera mu seva ya chipatala. Dzina la Nawaya anam'patsa ndi anamwino, chifukwa ndiye ankayang'anira makompyuta. Ntchitoyo inali ya mlamu wakeyo mpaka pa 28 Febuluwale, pamene anachotsedwa. Tsiku lomwelo Nawaya anasintha mapasiwedi onse kupatula ya pulinta. Imeneyo panalibe woikhudza, poopa kuti pulinta ingaime odwala ali pamzere.

Seva inaonetsa kuti akaunti ya pulintayo yakhala ikulowa kuchokera kunja kwa chipatala masiku anayi, ikufufuza dzina limodzi: la mkulu wake wa Nawaya, amene anathawa mwamunayo atam'thyola nthiti ziwiri. Bamboyo ankafuna kudziwa kumene mkazi wake akubisala.

Pa 9:10 Nawaya anatseka njira yolowera kuchokera kunja. Akauntiyo inatsala yogwira m'kati mokha. Atafuna kuifufuta, sisitala wamkulu anakana.

"Mwanawe, anthu ali mbwee pakhondepo. Dikira 12 koloko."

Pa 9:20 kalaliki analowetsa adiresi yatsopano ya mkulu wakeyo, yemwe ankalandira chithandizo pachipatalapo, monga amachitira Lachitatu lililonse ndi mafomu a odwala. Nawaya analemba lamulo lofufutira akauntiyo n'kulisiya pasikirini, longodikira kudina batani.

Pa 9:40 mlonda anatsegulira mlamuyo geti, nam'patsa moni wa bwana. Panalibe yemwe anamuuza kuti munthuyo anachotsedwa.

"Alamu, mwanditsekera panja ngati galu," anatero bamboyo akukhoma chitseko cha chipinda cha seva. "Tasunthani. Mphindi ziwiri zokha."

"Pulinta ikufunanji kwa achemwali anga?"

Bamboyo anam'menya mbama yomwe inam'gwetsa pampando. Nawaya anadzuka n'kutambasulira dzanja ku kiyibodi, koma bamboyo analigwira, naliika pakhomo la kabati yachitsulo ya seva, n'kumenyetsa chitseko kawiri. Zala zinalira ngati nkhuni zouma.

"Ndinakuphunzitsa ndine ntchitoyi, iwe!"

Anam'kokera pansi ndi tsitsi n'kum'ponda pamimba. Kenako anawerama kuzula waya wa netiweki kuti aulowetse mu laputopu yake. Ali chiweramire, Nawaya anagwira mwendo wa tebulo ndi dzanja labwinolo, nadzikoka, n'kugwetsera chigongono pabatani lija.

Laputopu inakana pasiwedi katatu. Bamboyo anainyamula n'kum'phwanyira nayo pamphumi. Mlonda ndi amuna awiri a ku labu anathyola chitseko akum'menyabe.

Anam'soka masitichi asanu ndi awiri, zala zitatu n'kuziika pulasitala. Sisitala wamkulu uja ndiye anasoka, osayang'ana m'maso mwake.

"Pulinta yaima," anatero pomaliza.

"Alembe pamanja," anayankha Nawaya.

Madzulo apolisi anapempha zimene seva inasunga. Nawaya anawaonetsa ndi dzanja lamanzere. Kufufuza komaliza kwa akaunti ya pulinta kunali pa 9:08, adiresi isanalowe.