Zipilala Zolira za kwa Alick

Mayi Esnart anali atangoponda pakhonde, nsapato zili m'manja, pamene khomo la sitolo ya Alick linayamba kukuwa. Zipilala ziwiri zoyera zomwe zinaima uku ndi uku zinkalira ngati mbuzi yomangidwa mwendo, tinyali tofiira tikuphethira. Mayiwo anayang'ana pansi, kuopa kuti aponda waya wa magetsi. Podzutsa mutu, anapeza msika wonse wa pa Mbamba ukuyang'ana iwo.

"Bwererani kaye, amama!" anatero Alick, akuthamanga kuchokera kuseri kwa kauntala.

Anabwerera, zipilala n'kuliranso. Apa mutu wawo unaima. Kutuluka n'kulakwa, kulowanso n'kulakwa?

Cholakwa sanachione. Amuna awo, a Nathaniel, anali tsonga pansi pa mlambe, mapazi otupa atawongola, poti masitepe a sitolo sakanawatha. Ankafuna nsapato zovala pa ukwati wa mwana wawo Loweruka. Ndipo pa Likoma, kuyambira kale, munthu amatuluka ndi katundu kukamuyesa mwini wake panja, kapena kukaona mtundu wa nsalu padzuwa. Ungathawire nazo kuti pachilumba?

"Taonani kabatani aka kali m'nsapatomu," Alick anafotokoza. "Mukalipira, ndimakachotsa ndi chida changa. Mukadutsa nako pakhomo, zipilalazi zimakamva, n'kukuwa. Ndabwera nazo pa sitima kuchokera ku Mzuzu, katundu amandithera. Wakuba akangodziwa zimenezi, dzanja limabwerera m'thumba."

"Ndiye zati ndine wakuba?"

"Ayi, sizinatero."

"Nanga zati chiyani?"

"Zati katundu watuluka."

"Katundu ali ndi miyendo? Watuluka ndi ine. Zikundidziwa ine zimenezi?"

"Sizidziwa munthu, amama."

"Sizindidziwa, koma zikunditchula pagulu?"

Alick anangokanda mutu. Panjapo mawu a Marian anamveka, uja wogulitsa usipa, mnansi wawo wa ku Mbungo, amene pakamwa pake nkhani sigona.

"Ine sindinanene kanthu, anzanga. Koma utsi sufuka popanda moto. Makina alibe nsanje ndi munthu."

Mtima wa Mayi Esnart unagwa. Marian ankabwerera pa boti masana omwewo, pomwe iwo ankayenda wapansi ndi munthu wodwala miyendo. Mbiri ikanafika ku Mbungo iwo asanafike, ndipo Lachisanu akuchimuna ochokera ku Kobwe akanaipeza itapsa: make mkwatibwi anagwidwa ndi nsapato. Manyazi anawagwira.

"Alick, mwana wa Simoni!" a Nathaniel anaitana ali pansi pa mlambe. "Phazi lili kuno. Ibwere nsapato, kapena ndidule phazi ndikutumizire?"

Anthu anaseka. Alick, pofuna kuzimitsa moto, anatola nsapato zija kuti akawayese yekha mkuluyo. Kabatani kaja anakaiwala. Atangodutsa pakhomo, zipilala zinakuwa kuposa poyamba.

"Gwirani mwini sitolo!" anafuula msodzi wina. Msika wonse unafa nacho chiseko.

Mayi Esnart sanaseke. Maso awo anali pa Marian, yemwe nthawi imeneyo anali atawerama kupimira munthu usipa, msana ataulozetsa kusitolo.

"Bwerezani," Mayi Esnart anauza Alick.

"Amama?"

"Lowaninso, mutulukenso. A Marian sanaone."

Alick anayang'ana anthu, anayang'ana nkhope ya mayiwo, n'kuona kuti si nthabwala. Anakwera masitepe, nsapato zili m'manja. Polowa zinalira, potuluka zinalira.

"A Marian, mwaona? Utsi uwu moto wake uli pati?" anafunsa Mayi Esnart.

"Ndaona," anayankha Marian chapansipansi, akukonza mulu wa usipa womwe unali wokonzakonza kale.

"Mukakafika ku Mbungo, mukayambire pamenepa."

Nsapato zinawakwana a Nathaniel. Alick anachotsa kabatani kaja atagwada pamchenga, n'kupempha mayiwo kuti alowe akasankhe nsalu ya ukwati. Iwo anayang'ana zipilala zija nthawi yaitali. Chomwe zimamva m'kabatani kopanda mawu sanachimvetse, ndipo sanafune kuchifunsanso.

"Nsaluzo bweretsani kuno," anatero, akukhala pansi pambali pa amuna awo. "Zikalira, zilirire inu."