Uthenga Umene Quintino Anafufuta

Quintino ankadziwa kuti mbewu yake ya mbatata ili ndi matenda. Tisamuikire kumbuyo ayi, ankadziwa. Anadula yekha kachewere mmodzi kuseri kwa nkhokwe, naona mzere woderapo wozungulira mkati, ukutuluka timafinya toyera. Anaikwirira ndi phazi mbatatayo, napukutira mpeni pa buluku, osauza ngakhale mkazi wake.

Tsoka lake, mbewuyo anali ataigawa kale. Iye ndiye anali purezidenti wa gulu la alimi a mbatata ku Ntengo-Wambalame, ndipo anapatsa anzake matumba a m'munda mwake akudziguguda pachifuwa kuti mbewu yotere ku Tsangano konse kulibe. Woyamba kubzala anali Carlota, mayi wamasiye wa dimba la kumtsinje. Patapita milungu isanu mbatata zake zinayamba kufota, kuthirira konse kuja osathandiza. Mayi ameneyu sabisa mawu. Anajambula mawu ake n'kuwaponya pa grupu ya alimi ya pa Watsapu: "Abale, mbewu ya apurezidenti musabzale. Ikufota, ndipo matenda amenewa akalowa m'nthaka amakhalamo zaka."

Unali usana, anthu ali kuminda, ndipo Quintino ndiye anaumva yekha uthengawo. Grupuyo anaitsegula ndi iye, makiyi onse anali m'manja mwake. Chala chinangoti dinu, uthenga uja fufutu. Kenaka anatseka pakamwa pa onse kuti azilembapo yekha. Anawauza kuti moni wa m'mawa ndi zithunzi za maluwa zikuwathera mamega a intaneti, ndipo anthu anamuthokoza, tangoganizani! Carlota anayesa kuuza oyandikana naye pakamwa, koma iwo anati mwina wathirira moipa, mwinanso ndi nsanje chabe. Quintino ankadziuza kuti aulula mvula isanagwe. Lero, mawa, lero, mawa, mpaka mitambo inayamba kuda.

Ndiye kunabwera masiku aja a pambuyo pa chisankho, boma litatseka intaneti, n'kungoti zii. Foni zinasanduka matochi. Koma anthu a kumalire sasowa njira: aliyense amene anali ndi khadi ya foni ya ku Malawi ankakwera chitunda cha kum'mawa kwa mudzi, kumene redi, netiweki ya foni, ya tsidya lina imafika. Quintino anakulira ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, choncho khadi yotero anali nayo.

Tsiku limenelo mvula yoyamba inali itagwa dzana lake. Pachitundapo panali anthu khumi ndi angapo, manja m'mwamba ngati ali m'tchalitchi. Quintino anaimbira mng'ono wake Julião, amene amamanga nyumba ku Joni, nakweza mawu a foni kuti onse amve. Quintinoyu pagulu ndiye pake.

"Achimwene, mwasowatu!" anatero Julião. "Akutsekerani? Kuno munthu amalalatira boma pa foni m'mawa, masana ali phee akudya. Palibe womufunsa."

"Mwamva?" anatero Quintino, akutembenukira anthu. "Liberidade, ufulu weniweni, ndi imeneyo."

Benedito wa chigayo anapukusa mutu. "Ku Malawi uko n'kotsegula, inde, koma ndinamva kuti wina anakagona kupolisi chifukwa cha mawu a pa Watsapu."

"Kumeneko amakusiya uyankhule kaye, akugwire pambuyo," anayankha Quintino. "Ku China akuti ndiye osanena, Watsapu yomweyi kulibe, ali ndi zawozawo zimene boma limasuzumiramo. Ife tinkawaseka. Lero tili pati? Pachitunda, kupempha redi ya eni ake ngati moto! Ndikuuzeni abale, wotseka anthu pakamwa ndiye kuti pali chimene akudziwa. Munthu wosalakwa saopa mawu a mlimi."

Anthu anavomera kuti apurezidenti alasa. Carlota anali atakhala pamwala chapatali, akudikira kuti mwana wake wa ku Dedza ayankhe foni. Anaimirira, nakonza chitenje chake bwinobwino.

"Apurezidenti, mwayenda nafe maiko ambiri. Nanga dziko lathu lija la anthu makumi anayi, la alimi a mbatata, likufanana ndi liti? Joni kapena China?"

Ena anaseka, poyesa nthabwala. Carlota sanaseke. Anaonetsa Benedito foni yake, pamalo pamene panali mawu ake, pomwe panatsala kamzere konena kuti uthengawu unafufutidwa ndi Quintino.

"Tinkayesa unali moni," anatero Benedito. "Munanena chiyani, mayi?"

Carlota ananena zonse, osawonjezera, osachotsera. Julião yekha ndiye ankamveka m'foni muja, "Alo? Achimwene? Akutsekeraninso?"

Manyazi amene anagwira Quintino sanawaonepo chibadwire. Akanatha kukana, pakamwa anali napo. Koma mawu ake omwe anali akadali m'makutu mwa anthu, ndipo iye anadziona kuti ndi munthu wachabechabe.

"Zoona," anatero motsitsa. "Mbewu ija ndi yodwala. Ndinaidula ndekha."

Pomwepo anatsegula grupu ija, najambula mawu opempha aliyense kuti asabzale. Foni za pachitunda zinalira. Koma amenewo anali atamva kale. Ena onse, a makhadi a kuno kwathu, anali m'midzi mopanda intaneti, ndipo uthengawo unangokhala m'mwamba osatsika.

"A Belmiro anati ayamba kubzala lero," anatero Benedito.

A Belmiro anali mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wa munda umodzi wokha kutsidya kwa chigwa. Ndi iwo amene anabereka Quintino kumsana pothawa nkhondo, bambo ake atatsalira m'njira. Pogawa mbewu paja Quintino anawapatsa matumba atatu, kuposa wina aliyense, kuti anthu aone kuti saiwala.

Anatsika chitunda chothamanga, osatsanzika. Njira inali yoterera, anagwa kawiri, nsapato imodzi inatsalira m'matope ndipo sanaibwerere. Anawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo, akupemphera kuti mwina msana wawavuta akuluwo, mwina aganiza zodikira mvula yachiwiri.

Anawapeza ali kumapeto kwa munda, akukwirira mzere womaliza. Matumba atatu opanda kanthu anali atapindidwa bwino pansi pa mtengo wa pichesi.

"Mwana wanga, wabwera kudzaona?" anatero a Belmiro akumwetulira, atatsamira khasu. "Yonse yalowa pansi. Mkamwini wanga ankati anamva mphekesera zoti mbewuyi ili ndi vuto, ine ndinamukalipira. Ndinati kukanakhala kanthu tikanamva pa grupu. Si iwe umatiuza zonse?"

Quintino anayang'ana mizere yonyowa ija, kuyambira kumtunda mpaka kumtsinje. Anavula chipewa, nagwada m'matope momwemo.

"Bambo," anatero, "khalani pansi kaye."