Kadazi Kuseri kwa Khutu

Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense kuti tsitsi langa ndimalizula ndekha. Zinayamba nthawi ya mayeso omaliza. Ndikakhala pa buku mtima n'kuyamba kuthamanga, dzanja linkapita lokha kuseri kwa khutu, n'kusankha katsitsi kamodzi, n'kuzula. Mtima unkakhalako pansi pang'ono, kenaka manyazi. Mayeso anatha, koma dzanja silinasiye.

Tsoka lake, amayi anga ndi oluka tsitsi. Saluni yawo ndi kachipinda kamodzi: mipando iwiri, galasi lobenthuka pakona, ndi meshi wolendewera pamisomali. Mutu wanga ndiwo unali chikwangwani chawo. Kasitomala akamakayika, ankandiitana. "Phee, tatembenuka aone." Phee ndi ineyo, poti pakamwa panga ndi polemera.

Amayi atapeza kadazi kuseri kwa khutu langa anayamba ndi mankhwala a chipere. Sanathandize. Ndiye anadziweruza okha kuti amandikoka kwambiri poluka. Anandimasula, anandigulira duku, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankamuluka mosalimbitsa. Makasitomala anayamba kubwerera mitu itaphwasuka sabata isanathe. Ena anangosiya kubwera.

"Manja awa ayamba nkhanza," ankatero potseka, akuwayang'ana. Ine ndinkangosesa tsitsi la anthu pansi, mutu uli chozolika.

Loweruka lina kunabwera anesi ena ojintcha, okonda kuseka, amene amagwira ntchito kumbali ya matenda a maganizo.

"Ndiye simuopa amisala?" amayi anafunsa, chipeso chili kukamwa.

"Asisi, mawu amenewo asiyeni. Ambiri obwera kwathu mukhoza kukhala nawo mpando umodzi m'basi osadziwa. Wina ndi matenda a nkhawa, mtima phaphapha popanda chomuthamangitsa. Wina ndi kukhumudwa kosatha, kudzuka pabedi ngati akunyamula thumba la simenti. Ena amasamba m'manja mpaka khungu kusupuka. Ena amazula tsitsi, ngakhale nsidze."

Ndinali nditagwira meshi kuti ndiziwapatsira amayi. Anandipulumuka n'kugwa.

"Kuzula dala?" amayi anadabwa.

"Si dala ayi. Dzanja limatsogola, mwiniwake amazindikira pambuyo."

"Ndiye mumawabaya jakisoni?"

"Koma inu ndi jakisoni! Ambiri ndi uphungu basi. Amacheza ndi mlangizi, amaphunzira kuzindikira pamene dzanja likunyamuka, n'kulipatsa ntchito ina, kaya kufumbata, kaya kufinya kampira. Nkhawa ikakula adokotala amawonjezera mankhwala. Koma asisi, limbitsaniko, izitu ziphwasuka ndisanafike ndi pamsewu pomwe."

Amayi anaseka, koma sanalimbitse. Anesi aja anandiyang'ana m'galasi, duku langa kenaka manja anga, n'kungomwetulira. Potuluka anandisisita paphewa ngati timadziwana kale.

Kunalibenso kasitomala wina, ndiye amayi anandiitana kuti andidzoze mafuta. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo monga kale, nkhope nditalozetsa kukhomo. Ubwino wa malo amenewo ndi wakuti palibe amene amakuyang'ana m'maso. Anamasula duku pang'onopang'ono ngati akumasula bandeji pa bala, chala chawo n'kuzungulira kadazi kaja.

"Kakula," anatero. "Chikhalirecho sindinakukhudze ndi chipeso chomwe. Kaya ndinakuwonongeratu mizu. Undikhululukire, mwana wanga. Mwina ntchito ino ndingoisiya."

Mawondo awo anali ofunda pamapewa anga. Ndinagwira mpendero wa siketi yawo ngati kamwana kopita kusikelo.

"Amayi."

"Wawa, Phee wanga. Lero mvula igwa, wayamba ndiwe kuyankhula?"

"Si manja anu."

Chala chawo chinaima pamutu panga, koma sanachichotse.

"Ndimazula ndekha, amayi. Ndayesa kusiya ndalephera. Mundiperekeze kwa anesi aja."